Mwaona nyenyezi ikuyenda usiku? Nayi njira yodziwira dzina la setilaitiyo

Kuno ku Mangochi zimachitika kawirikawiri. Mwakhala pakhonde kapena pagombe chisisira chitangogwa, ndiye mwana akuloza kumwamba: "Ababa, taonani, nyenyezi ikuyenda!" Mukakweza maso, zoonadi, kadontho koyera kakudutsa mwakachetechete pakati pa nyenyezi zina, kenako kakuzimirira pakati pa thambo ngati wina wakathimitsa. Wina akuti ndi ndege, agogo akuti tiyeni m'nyumba zimenezo si zabwino, inu mukudziwa kuti ndi setilaiti. Koma iti? Kukacha mukutsegula foni, pulogalamu ikufunsa nthawi, inu mukungokumbukira kuti "kunali cha m'ma 7". Ikukupatsani mayina ambirimbiri, ndipo mukugwa ulesi.

Pofika 2025 masetilaiti ogwira ntchito anali atapitirira 10,000, oposa theka ali a Starlink, opereka intaneti, osawerengera maroketi akale ndi zidutswa. Pa unyinji wotere, pulogalamu siingakulotereni. Dzina la setilaiti limapezeka kapena kutayika m'mphindi imodzi ija mukuyang'ana kumwamba. Mukagwira nthawi yeniyeni komanso nyenyezi imene yadutsapo, zotsalazo n'zosavuta.

## Zofunika kukhala nazo

- Foni imene nthawi yake ikuchokera pa netiweki, osati yoika pamanja. Ikhale yotha kuonetsa masekondi.
- Kope ndi pensulo. Chojambulira mawu cha m'foni chimathandiza kwambiri, chifukwa mumayankhula maso ali kumwamba.
- Tochi yophimba ndi jumbo yofiira. Kuwala koyera kumaononga maso amene azolowera mdima, ndipo kuti azolowerenso pamapita mphindi 20 kapena kuposa.
- Pulogalamu ya Stellarium yoonetsa mapu a nyenyezi, ndi tsamba la Heavens-Above. Zonse zili ndi mbali yaulere ndipo tsambalo silidya bandulo yambiri.
- Manambala a malo anu, osonyeza pamene muli pamapu a dziko. Paboma pa Mangochi ndi pafupifupi -14.48 ndi 35.27. Ku Monkey Bay ndi pafupifupi -14.08 ndi 34.92.
- Dzanja lanu, loyezera.
- Malaya a manja aatali. Udzudzu wa m'mbali mwa Shire suyembekeza kuti mumalize kulemba.

Zoonera patali zimathandiza ngati muli nazo, koma musasiye ntchitoyi chifukwa mulibe.

Pa za malo oima ndinene mosapsatira: musapite m'bango kapena pagombe lopanda anthu pofuna mdima wabwino. Mvuu zimatuluka usiku kukadya msipu, ng'ona nazo zilipo. Bwalo la mpira kapena kuseri kwa nyumba, kumene babu silikukuthobwani m'maso, n'kokwanira.

## 1. Tsimikizani kaye kuti ndi setilaiti

Setilaiti ilibe nyali. Timaiona chifukwa dzuwa likuiwombabe kumwambako pamene ife pansi pano kwada. N'chifukwa chake imaoneka makamaka m'maola awiri dzuwa litangolowa ndi maola awiri lisanatuluke. Kwathu kuno dzuwa limalowa cha m'ma 5:15 mu June ndi cha m'ma 6:15 mu January, ndipo mdima umagwa msanga. Mukaona chowala kwambiri chikuyenda pakati pa usiku, kayikirani kaye, chifukwa nthawi imeneyo masetilaiti apafupi amakhala ali mumthunzi wa dziko.

Ndege imakhala ndi nyali yofiira, yobiriwira ndi yoyera yophethira, ndipo usiku wa zii mumamva kulira kwake kukubwera m'mbuyo. Nyenyezi yothothoka imang'anima sekondi imodzi kapena awiri basi. Setilaiti imayenda mofanana, osakhota, osaima, kwa mphindi ziwiri mpaka zisanu kapena kuposerapo.

Chenjezo: nyali za asodzi a usipa zikandanda kutali panyanja usiku wopanda mwezi, madzi ndi thambo zimaoneka ngati chinthu chimodzi. Mlendo wanga wina anaumirira kuti akuona masetilaiti a Starlink, pamene anali mabwato. Chilichonse chimene chili m'chizimezime mwenimweni ndipo chakhala pamenepo kwa mphindi khumi si setilaiti. Chimodzimodzi Nthanda: mitambo ikamadutsa pafupi nayo imaoneka ngati ikuthamanga. Iyerekezeni ndi nsonga ya mtengo kapena denga, muona kuti yaima.

## 2. Gwirani nthawi pamene ikudutsa nyenyezi

Apa ndi pamene ambiri amalephera, ndiye tichedwepo.

Musalembe nthawi imene mwayamba kuiona, chifukwa simudziwa kuti inali itayenda kale mtunda wotani musanakweze maso. M'malo mwake yang'anani kutsogolo kwake, sankhani nyenyezi yowala imene ikulowera, dikirani. Ikangofika pafupi kwambiri ndi nyenyeziyo nenani "tsopano!" Ngati muli awiri, mnzanu awerenge nthawi pafoni, ora, mphindi ndi sekondi. Ngati muli nokha, yatsani chojambulira mawu, tchulani nthawi yoyambira mokweza, ndiye muziyankhula zonse zimene mukuona. Mukadzamvetsera mudzawerengera masekondi kuchokera poyambira paja.

N'chifukwa chiyani ndikulimbikira masekondi? Siteshoni ya m'mlengalenga ya ISS ili pamtunda wa makilomita pafupifupi 400 ndipo imathamanga makilomita oposa 7 pa sekondi. Ikamadutsa paliwombo imayenda pafupifupi digiri imodzi pa sekondi iliyonse. Mukaphonya ndi mphindi imodzi yokha, ndiye kuti mwaphonya ndi madigiri okwana ngati 60, gawo limodzi mwa magawo atatu a thambo lonse kuchokera chizimezime china kufika china. M'dera lalikulu choncho mungakwane masetilaiti ena angapo, ndipo mutha kutchula dzina lolakwika mukukhulupirira kuti mwapeza.

Anthu ambiri kuno amakumbukira nthawi ndi azana: "inadutsa atangoitana Isha." Zimathandiza kuchepetsa pofufuza ngati palibe china, koma mizikiti siiyambira pa sekondi imodzi, ndiye musadalire zimenezi zokha.

Ngati mungathe, gwirani nyenyezi ziwiri, ina koyambirira ina kumapeto. Madontho awiri amapereka mzere, ndipo mzere ndi umene umasiyanitsa setilaiti ndi inzake. Nthawi imene yazimirira ilembeninso. Imeneyo ndi nthawi imene yalowa mumthunzi wa dziko, ndipo mapulogalamu amaiwerengera bwino, choncho ndi umboni wamphamvu.

Simukudziwa mayina a nyenyezi? Musadandaule. Setilaiti ikapita, nyenyezi ija ikadali pomwepo. Musachotsepo maso, tsegulani Stellarium, lozani foni kumeneko muwerenge dzina. Koma ndi bwino kudziwiratu zochepa. Madzulo a miyezi yozizira, May mpaka July, Mtanda wa Kummwera, umene pulogalamu imaulemba Crux, umakhala chapakati pa chizimezime ndi liwombo kummwera, ndi nyenyezi ziwiri zowala pambali pake. Kum'mawa kumakwera Antares yofiirira, kumpoto kuli Arcturus, ndipo Spica imakhala pafupi ndi liwombo. M'bandakucha wa August ndi September, Akamwiniatsatana, Nsangwe ndi Sirius zimakhala zitakwera kale. Zisanu kapena zisanu ndi imodzi zotere n'zokwanira kuyambira.

## 3. Yezani ndi dzanja, tchulani kumene yachokera

Tambasulani mkono mpaka mapeto. Chibakera chanu chimaphimba madigiri pafupifupi 10, kachala kakang'ono digiri imodzi. Kuchokera m'chizimezime kufika paliwombo ndi zibakera zisanu ndi zinayi. Mwana ndi wamkulu amapeza zofanana ndithu, chifukwa wa dzanja laling'ono mkono wakenso ndi waufupi.

Yezani zinthu ziwiri: mpata wa pakati pa setilaiti ndi nyenyezi ija, komanso pamene inakwera kwambiri. "Zala ziwiri pansi pa Antares" ndi mawu amene mungagwiritse ntchito mawa. "Chapamwamba ndithu" sangakuthandizeni.

Kenako njira yake. Tchulani kumene yachokera ndi kumene yalowera. Paboma, mapiri a ku Namwera ali kum'mawa, Shire amatsikira chakummwera kunka ku Malombe, ndipo kumene dzuwa lalowera ndi kumadzulo. Kampasi ya m'foni imanama mukaima pafupi ndi malata, galimoto kapena injini ya boti, ndiye sunthani pang'ono musanaikhulupirire.

Njira yokhayo imanena zambiri. Masetilaiti ambiri amachokera mbali ya kumadzulo kupita mbali ya kum'mawa. Oyenda molunjika kumpoto kapena kummwera nthawi zambiri amakhala ojambula dziko, ounika nyengo, kapena maroketi amene anawanyamula.

## 4. Onani kuwala, liwiro ndi khalidwe lake

Yerekezani kuwala kwake ndi nyenyezi yapafupi: kuposa, kufanana kapena kuchepera. Pamatsamba muona nambala ya kuwala, ndipo imayenda chobwerera: nambala ikachepa, kuwala kwachuluka. Nthanda ili cha pa -4, Sirius pa -1.5, nyenyezi za Akamwiniatsatana cha pa 2, ndipo zofooka kwambiri zimene diso lingaone kumudzi kopanda magetsi zili cha pa 6.

Liwiro liyezeni pamene yakwera kwambiri. Ikadutsa chibakera chimodzi m'masekondi ngati 10, ili pafupi, makilomita 400 kapena 500. Ikatenga masekondi 20, ili chakutali, mwina makilomita 800. Pafupi ndi chizimezime zonse zimaoneka zoyenda pang'onopang'ono, ndiye musayezere pamenepo.

Ngati ikuwala n'kuzilala mobwerezabwereza, mwina ndi roketi yakale kapena setilaiti yakufa imene ikugubuduzika. Werengani kuwala kwake kakhumi, onani masekondi amene apita, lembani.

## 5. Lembani musanalowe m'nyumba

Musadikire kuti mudye kaye. Nsima ikatha, kumanzere kumasanduka kumanja m'mutu. Chitsanzo cha kalembedwe kabwino ndi ichi:

"Makawa, pabwalo. 18:41:20 yadutsa chala chimodzi pamwamba pa nyenyezi ya pansi ya Mtanda. Yachokera kummwera chakumadzulo kunka kum'mawa. Yakwera zibakera zinayi. Yoyera, yosaphethira, yochepera pang'ono nyenyezi ziwiri za pambali pa Mtanda. Yazimirira 18:42:50 isanafike pa Antares."

Jambulaninso kachithunzi ndi pensulo: madontho a nyenyezi ndi muvi wosonyeza njira. Ngati foni yanu imajambula usiku, itsamiritseni pa njerwa mujambule. Setilaiti imatuluka ngati kamzere kosadukiza, ndege ngati mzere wa timadontho, ndipo chithunzicho chimasunga nthawi yake.

## 6. Uzani pulogalamu kumene munaima

Mukatsegula Heavens-Above koyamba, imakuikani pa 0 ndi 0, pakati pa nyanja ya Atlantic kufupi ndi Ghana. Zonse zimene ingakuuzeni pamenepo si za thambo lathu. Sinthani malo posankha pamapu kapena polemba manambala aja.

Chenjezo lalikulu: musaiwale kamzere kochotsera kutsogolo kwa 14.48. Kamzereko kakutanthauza kuti tili kummwera kwa ikweta. Mukakasiya, pulogalamu ikuikani kum'mawa kwa Sudan, ndipo idzakuyankhani mwachidaliro zinthu zosagwirizana n'komwe ndi zimene munaona. Onaninso kuti nthawi ndi ya Malawi, imene ili patsogolo pa UTC, nthawi yoyendera dziko lonse, ndi maola awiri chaka chonse.

Musabwerekenso manambala a paboma ngati munali ku Monkey Bay kapena ku Cape Maclear. Kuchokera paboma kufika ku Monkey Bay molunjika ndi makilomita pafupifupi 60, ndipo kwa setilaiti yapafupi mtunda umenewo umasuntha njira yake pathambo pafupifupi chibakera chathunthu.

## 7. Yambani ndi zodziwika

Musanalowe mumndandanda wautali, yesani zinayi izi.

ISS, nambala yake 25544. Ikadutsa pamwamba imaposa nyenyezi zonse, n'kuyandikira kuwala kwa Nthanda. Imachokera kummwera chakumadzulo kupita kumpoto chakum'mawa, kapena kumpoto chakumadzulo kupita kummwera chakum'mawa. Kukula kwake kuli ngati bwalo la mpira, ndipo mwakhala muli anthu mosadukiza kuyambira November 2000. Uzani ana zimenezi ikamadutsa, muona momwe amakwezera manja.

Tiangong, siteshoni ya China, nambala 48274. Imawalanso kwambiri koma siifika pa ISS.

Hubble, nambala 20580, makina oonera zakuthambo amene anaponyedwa mu 1990. Njira yake siipitirira madigiri 28.5 kuchokera pa ikweta, choncho anthu a ku London sangaione, pamene ife imatidutsa pamwamba ndithu. Imaoneka ngati nyenyezi yowala mwapakatikati ikuchokera chakumadzulo kunka chakum'mawa.

Starlink. Mukaona timadontho tambiri tandanda mzere umodzi ngati ana a sukulu, ndi masetilaiti a Starlink amene angoponyedwa kumene. Patapita masiku kapena milungu amatalikirana n'kuzilala. Heavens-Above ili ndi gawo lawolawo, losanja potengera tsiku loponyera.

## 8. Fufuzani mumndandanda, kenako bwezani nthawi m'mbuyo

Ngati zinayi zija zakana, tsegulani mndandanda wa masetilaiti owala a tsiku ndi tsiku. Sankhani tsiku lenileni, sankhani madzulo kapena m'mawa, ndipo malire a kuwala muwaike pa 4.5 kuti zofooka zisatsale. Mzere uliwonse umaonetsa nthawi yoyambira, pamene yakwera kwambiri, ndi pothera. Zilembo zake ndi za Chingelezi: N kumpoto, S kummwera, E kum'mawa, W kumadzulo.

Siyani zonse zimene nthawi yake ili kutali ndi yanu. Pa zotsalazo chotsani zoyenda njira ina. Mukatsala ndi ziwiri kapena zitatu, dinani iliyonse muone mapu a njira yake pakati pa nyenyezi. Yanu ndi imene ikudutsa pa nyenyezi ija, mbali yomweyo, sekondi zomwezo kapena kusiyana pang'ono chabe, n'kuzimirira pamene inazimirira.

Chenjezo: pamapu a thambo, kumpoto kukakhala pamwamba, kum'mawa kumakhala kumanzere. Sanalakwitse ayi. Mapuwo ndi oyang'ana mutawakweza pamutu.

Stellarium ya pakompyuta imachita ntchito yomweyi mooneka bwino. Ikani malo, bwezani nthawi kufika pa sekondi imene munalemba, yang'anitsani pa nyenyezi ija, muone kadontho kamene kakudutsapo. Mukaona dzina lothera ndi R/B, ndi thupi la roketi, ndipo DEB ndi chidutswa. Musakhumudwe mukapeza zoterezi. Zambiri zowala zimene timaona ndi maroketi akale, monga SL-16 a ku Russia kapena CZ a ku China, ena akhala akuzungulira kwa zaka makumi angapo.

Chitani zimenezi usiku womwewo kapena mawa lake. Mapulogalamu amawerengera njira kuchokera pa manambala otchedwa TLE, amene masamba a pa intaneti ngati CelesTrak amawakonzanso tsiku ndi tsiku. Manambalawa amakalamba msanga, chifukwa mpweya wochepa wa kumwambako umakoka masetilaiti, ndipo ISS ndi Starlink amasintha njira ndi injini zawo. Mukabweza mwezi wathunthu ndi manambala a lero, yankho silikhalanso lodalirika.

## 9. Iyeseni pobweranso

Mwapeza dzina? Musalengeze kaye. Onani tsiku limene setilaitiyo idzadutsenso pa Mangochi, tulukani mphindi zisanu nthawi isanakwane, muime mukuyang'ana kumene pulogalamu yanena. Ikatulukira pa nthawi yake, ndipo kuwala ndi kaphethiridwe kake n'kufanana ndi tsiku lija, mwaipeza. Kwa ine palibe gawo lokoma kuposa ili: mwauza abale anu kuti pa 6:52 chituluka chakumapiri uko, onse ali chete, ndiye n'kutulukadi.

## 10. Ikakana kupezeka

Bwererani pa gawo 6, chifukwa nthawi zambiri cholakwika chimakhala malo kapena ora. Zikakhala bwino, kwezani malire a kuwala. Setilaiti yofooka imatha kung'anima mwadzidzidzi dzuwa likagunda mapanelo ake ngati galasi, choncho imene inakuthobwani ingakhale yolembedwa kuti ndi yofooka. Palinso masetilaiti ena a asilikali amene manambala awo safalitsidwa mokwanira, ndipo ena mwa amenewa amayenda awiriawiri kapena atatuatatu moyandikana. Sungani zimene munalemba, muyang'anenso malo omwewo masiku otsatira.

Chinthu chowala choyenda pang'onopang'ono, chikusweka m'zidutswa zokoka michira ya moto kwa theka la mphindi kapena kuposa, chingakhale chidutswa chimene chikupsa pobwerera mumpweya. Lembani nthawi ndi njira chimodzimodzi. Chitsulo chikagwera pafupi musachigwire, kauzeni amfumu ndi apolisi.

## Zolakwika zofala

Kuthamangira foni setilaiti ikadali kumwamba. Kuwala kwa foni kumakuphani maso, ndipo mukakwezanso mutu yapita. Yang'anani mpaka izimirire.

Kusankha dzina lotchuka. Munthu amafuna kuti chimene waona chikhale ISS, ndiye amanyalanyaza kusiyana kwa mphindi zinayi. Mphindi zinayi ndi setilaiti ina.

Kusokoneza tsiku. Mwaona 4:30 m'bandakucha popita kunyanja kapena kumzikiti, koma mukulemba tsiku la dzulo chifukwa kwa inu kunali kusanache. Pulogalamu imasintha tsiku pa 12 koloko usiku.

Kuganiza kuti ndi setilaiti ya dishi yanu. Masetilaiti a wailesi yakanema ali pamtunda wa makilomita 35,786 pamwamba pa ikweta ndipo amazungulira limodzi ndi dziko, n'chifukwa chake dishi imaloza malo amodzi. Sayenda pathambo, ndipo nthawi zambiri diso lokha silingawaone.

Kuimba mlandu pulogalamu pamene vuto ndi thambo. Kuyambira September mpaka mvula yoyamba, utsi wa moto wa kutchire ndi fumbi zimabisa chilichonse chimene chili pansi pa zibakera ziwiri kapena zitatu, ndipo mwezi ukakhala wathunthu zofooka zimamira. Ngati mukuphunzira kumene, yambani mu May, June kapena July, masiku amdima amene asodzi a usipa amakhala ali panyanja, ndipo musankhe masetilaiti okwera kuposa madigiri 40.